Tiyi Amene Adada Anapachika M'chigafa

Kunena zoona, tiyi wobiriwira uja sakoma. Amene amati amakoma akungodzitama, asakunamizeni. Mukaviika kathumba kamodzi m'madzi otentha, madziwo amangosanduka achikasu chotuwa, fungo lake la udzu womweta dzulo. Pakamwa poyamba simumva kanthu, kenaka kakuwawa kamabwera pang'onopang'ono kumbuyo kwa lilime, n'kukuumitsani m'kamwa ngati mwaluma nthochi yosapsa. Mukamuiwala m'kapu kwa kanthawi, ndiye basi, wasanduka mankhwala. Ubwino wake ndi umodzi wokha: ndi wotchipa. Kabokosi kathunthu ndinkagula pa mtengo wosafika wa paketi ya shuga, ndipo kutchipa kumeneko n'kumene kunandipusitsa ine.

Ndimagwira ntchito m'sitolo yogulitsa feteleza ndi mbewu pa Nkhamenya. Kwathu ndi kumudzi cha ku Simlemba, komwe kukukhala adada ndi amama. Ana tinabadwa asanu, koma wofika ku sekondale ndi ine ndekha, ndiye pepala lililonse lolembedwa m'Chingerezi likafika pakhomo limadikira ine. Zimene ndawerenga ndi kumasulira, palibe amatsutsa. Kale ndinkanyadira zimenezi. Lero ndikazikumbukira zimandinyansa.

Adada anali katswiri wosankha fodya. Kulima aliyense amalima kwathu, koma kusankha ndi luso la anthu ochepa. Fodya akauma m'chigafa, nyumba yaudzu yopanda makoma ija yoyanikamo fodya, masamba ake amayenera kusiyanitsidwa mtundu ndi mtundu asanadindidwe m'mabelo: wotuwa payekha, wofiirira payekha, wakuda payekha. Woipa kuposa onse ndi amene alimi amati wagirini, tsamba lothyoledwa losakhwima kapena louma mothamanga, lomwe latsala ndi kubiriwira. Tsamba lotero likalowa m'belo limagwetsa mtengo wa belo yonse ku okushoni. Adada ankakhala pa kampando pakhomo pa chigafa mmamawa, fodya akadali wofewa ndi mame, n'kumatambasula tsamba lililonse moyang'ana kuwala. Kubiriwira kumene ife sitinkakuona ngakhale titatong'ola maso, iwo ankakuona tsamba lisanatambasuke n'komwe. Anthu a m'midzi yoyandikana ankachita kubwera ndi njinga kudzawatenga kuti akawasankhire. Maso awo ndiwo anatiphunzitsa sukulu, ndipo maso omwewo ndiwo anayamba kuvuta.

Chinayamba ndi ludzu. Amama anandiimbira foni kuti adada akumwa madzi ngati ng'ombe, akuwonda, ndiponso akudandaula kuti akuona utsi pomwe palibe moto. Munali mu Januwale, fodya ali m'munda kutalika kufika m'chiuno. Ndinapempha tsiku kuntchito n'kupita nawo kuchipatala chaching'ono cha kwathuko. Namwino anawabaya chala, kuyang'ana kamakina kake, n'kupukusa mutu.

"Agogo, muli ndi matenda a shuga, ndipo wakwera kwambiri," anatero namwinoyo. "Shuga wa mu tiyi musiye lero lomwe. Mapilitsi awa muzimwa tsiku ndi tsiku, akatha muzibwera kudzatenga ena. Koma za masozi ife kuno sitingathe. Ndikulemberani kalata, mupite nayo kuchipatala chachikulu cha maso ku Lilongwe. Musachedwe nayo."

Kalatayo anapatsa ine, osati adada, chifukwa anaona kuti wodziwa kuwerenga ndine. Mawu akuti musachedwe ndinawamva bwinobwino ndi makutu anga awiriwa. Sindinganame kuti sanandiuze.

Tili m'njira kubwerera, adada anayamba. "Ku Lilongwe nyengo ino? Iwe, fodya athyola ndani? Amako okha? Tikagulitsa ndiye tidzapita, maso sathawa."

Ndikanakana. Ndikanakalipa, pakuti kukalipa ndimatha, afunseni amene amabwera kudzanenerera feteleza m'sitolo mwathu. Koma ndinawalekerera, chifukwa mawu awowo anandikomera. Ulendo wa anthu awiri ku Lilongwe, pogona, chakudya, mwina kubwererakonso kawiri katatu, zonsezo zinkafuna ndalama. Ndalamazo ndinali nazo. Ndikubwereza, ndinali nazo. Ndinkasungira malata a kanyumba kanga, ndipo mtima wanga unali pa malatawo. Ndinapinda kalata ija n'kuiika pansi pa zovala m'sutikesi.

Chimene chinavuta msanga ndi tiyi. Adada ankamwa tiyi wamasamba wowiritsa mpaka kuda bii, masupuni a shuga anayi, ndi mbatata pambali. Anazolowera choncho kuyambira ndisanabadwe. Atawaletsa shuga, anakankha kapu n'kunena kuti madzi owawa ngati amenewo amwe amene anawaletsayo. Amama ankandiimbira pafupifupi tsiku lililonse kuti bambo ako akulusa, akupita kumunda osalawa kanthu.

Pafupi ndi sitolo yathu pali mayi wina wogulitsa kaunjika. Pakamwa pake sipatsekeka, ndipo matenda aliwonse amawadziwira mankhwala. Nditamudandaulira, anaomba m'manja. "Aa, asisi, zochepa zimenezo! Mukagule tiyi wobiriwira wa m'timatumba. Alamu anga shuga anatsika ndi yemweyo, pano akupalasa njinga. Amatsuka magazi, amatsuka ndi maso omwe." Sindinafunse kuti alamu akewo ndi ati, kaya alipodi kaya kulibe. Loweruka lake ndinakwera minibasi kupita pa boma pa Kasungu, n'kukamupeza tiyiyo m'sitolo ina yaikulu, pashelefu ya pansi. Nditaona mtengo wake ndinaseka ndekha. Ndinagula timabokosi tiwiri.

Pa kabokosipo panalibe mawu alionse okhudza shuga kapena maso. Panangolembedwa kuti ndi tiyi wobiriwira, wolimidwa popanda feteleza ndi mankhwala opopera, ndiponso kuti aviikidwe m'madzi otentha osati owira. Kabokosi sikananame ayi. Bodza ndinapita nalo ndine.

Ndinafika kumudzi Lamulungu anthu atangoweruka kutchalitchi. Adada anali pakhonde, atavula jekete, akudzipepesa ndi chipewa. Ndinagwada, kuwapatsa moni, n'kutulutsa kabokosi.

"Adada, ndakupezerani tiyi wa anthu odwala shuga. Ameneyu samwera shuga, ndipo amatsuka magazi ndi maso."

"Zalembedwa pamenepo?" anafunsa adada.

"Ee, zalembedwa."

Anatenga kathumba kamodzi, kukagwira pa kaulusi kake, n'kumakazunguza. Kenaka anachita zimene munthu wina aliyense sakanaganiza. Anakang'amba ndi mano, kukhuthulira m'chikhatho, kufikisa ndi chala, kununkhiza, n'kutambasula dzanja moyang'ana dzuwa monga ankachitira ndi tsamba la fodya. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, diso limodzi atatsinzina.

"Iwe, akubera," anatero. "Uyu ndi wagirini."

"Ndi mmene amakhalira, adada. Dzina lake ndi lomwelo."

"Palibe tsamba limakhala chonchi mwadala. Anathyola losakhwima, n'kuumitsa mothamanga. Awa ndi masamba amene anakanidwa kumsika, ndiye angowasinja n'kuwabisa m'timatumba kuti ogula asaone. Chinanso chalembedwa n'chiyani?"

Ndinawawerengera zoti analimidwa popanda feteleza, ndikuganiza kuti ziwasangalatsa. Ha! Adada anaseka mpaka kutsokomola, n'kuitana amama kukhitchini. "Tabwerani mudzamve kuno! Mwana wanu, wogulitsa feteleza, watigulira tiyi wa munthu amene analephera kugula feteleza. Mpaka kulemba pabokosi, osachita manyazi!" Amama nawo anaseka atagwira pakamwa. Kwathu mbewu yopanda feteleza ndi chizindikiro cha umphawi, palibe amene angadzitame nayo. Adada anamaliza ndi kunena kuti tsopano amvetsa chifukwa chake ndi wotchipa.

Ndinawaviikira kapu imodzi. Analawa, kugwedeza m'kamwa, n'kulavulira kuseri kwa khonde. Anati akumva msuzi wa chisoso wopanda mchere. Ndinapsa mtima, ndinawauza kuti ndawononga tsiku langa ndi ndalama zanga, ngati sakufuna kuchira anene. Adada sakonda kundiona nditakwiya. Anayang'ana timatumba tija m'kabokosi, kenaka anati, "Usataye. Tsamba ndi tsamba. Anzathuwo ntchito anaisiyira panjira, ndiimaliza ndine."

Anadzuka n'kupita kuchigafa, ine pambuyo. Fodya woyamba anali atalowa kale, atapachikidwa m'mizere mpaka kudenga, wina akadali wachikasu, wina wayamba kufiirira. Adada anasolola mkangala umodzi, ndodo yopachikapo fodya, n'kuyamba kumangirira timatumba tija kamodzikamodzi, motalikirana bwino kuti mphepo izidutsa. Anayamikira kuti amene anapanga tiyiyo chinthu chimodzi anachiganiza bwino, anaikiratu ulusi. Anaupachika mkangalawo pakati pa fodya, pamthunzi, pomwe sipafika dzuwa. Anati pakatha milungu itatu kapena inayi kubiriwira kudzachoka, adzafiira, ndipo pamenepo adzakhala tiyi woti munthu n'kumwa.

Ndinadziwa kuti n'zosatheka. Tiyi ameneyu amamupanga dala kuti asafiire, mungamupachike chaka chonse. Koma ndinaona kuti njira yoti adada amumwere ndi yomweyi, ndiye ndinangoti, "Mwaganiza bwino, adada." Ndinabwerera ku Nkhamenya mtima uli m'malo, ndikudziona ngati mwana wosamala makolo.

Nditapitanso patatha milungu itatu, adada anatsitsa kathumba kamodzi, kung'amba, kuyang'ana pakuwala. "Sanapse," anatero, "koma wayamba." Sanali atayamba chilichonse, anangotuwa ndi fumbi. Komabe tsiku limenelo analola kuti amama awaviikire. Ndinalawako ndipo ndinatsala pang'ono kusanza. Timatumba tija tinali titayamwa fungo la fodya ndi chinyezi cha mvula, ndiye kukoma kwake kunali kwa madzi otsukira ndudu. Adada anamwa kapu yonse, nkhope ili gwa, n'kunena kuti tsopano akumveka mphamvu. Anamwa chifukwa anali atamukonza okha ndi manja awo.

Kuyambira pamenepo unakhala mwambo. Mwezi ukatha ndinkabwera ndi kabokosi, adada n'kumangirira pa mkangala, timatumba takale n'kumatsitsa. Ankamwa mmawa ndi madzulo, opanda shuga. Alendo akabwera ankawaonetsa mkangala wa tiyi ngati chinthu chonyaditsa, n'kumawauza kuti ndi mankhwala a maso amene mwana wawo wa ku Nkhamenya anawerenga m'Chingerezi. Ndikawafunsa za maso ankati, "Utsi ulipo, koma ukuchepa." Ndinkakondwa ndi yankho limenelo ndipo sindinkafunsa kawiri. Mu Epulo ndinagula malata anga.

Chimene sindinadziwe n'chakuti mapilitsi atatha mwezi wachiwiri, adada sanapitenso kukatenga ena. Chipatala chili kutali, ntchito ya fodya inali itafika pothina, ndipo iwo anaona kuti palibe chifukwa chotayira tsiku pamzere pomwe mankhwala ali m'chigafa. Amama anayesa kuwakumbutsa, iwo anayankha kuti mwana wophunzira wabweretsa oposa amenewo. Ine pa maulendo onsewo sindinafunsepo za mapilitsi ngakhale kamodzi. Ndinkangofunsa ngati tiyi watsala.

Chakumapeto kwa Meyi ndinafika mmamawa, nyengo yosankha fodya ili pakati. Kunkazizira, mphepo ikuulutsa fumbi m'minda yomwe munangotsala mitengo ya fodya yopanda masamba. Adada anali pa kampando kawo pakhomo pa chigafa, milu ya masamba itawazungulira, amama atakhala pansi cha kumbuyo kwawo akumanga timitolo. Atamva mawu anga anasangalala kwambiri.

"Wafika bwino! Tabwera udzaone, ntchito ija yatheka."

Anaimirira, kupapasa m'mwamba mpaka kupeza mkangala wa tiyi. Ndinaona kupapasako koma ndinadziuza kuti m'chigafa ndi mwamdima. Anadula kathumba, kung'amba, kukhuthulira m'chikhatho, n'kutulukira nako panja pa dzuwa. Anatambasula dzanja patsogolo panga, akumwetulira.

"Taona kufiira kwake. Ndinakuuza ine. Uyu ndiye wapsa tsopano, ngati fodya wa giredi yoyamba."

M'chikhatho mwawomo munali tiyi wobiriwira, mmene analili tsiku limene ndinamugula. Kanali kathumba ka mwezi watha, kosatha ndi milungu inayi. Ndinayang'ana dzanja, ndinayang'ana nkhope yawo. Maso awo anali otseguka bwinobwino, akuloza penapake pambali pa dzanjalo. Ndinatembenukira kwa amama. Amama anandipukusira mutu pang'ono, kundiletsa kuyankhula, n'kuweramira pa timitolo tawo.

"Wafiiradi, adada," ndinatero.

Kenaka ndinayang'ana milu imene anasankha mmawa umenewo. Mayo ine! Pa mulu wa fodya wabwino panali masamba agirini oonekeratu, oti ngakhale ine wosadziwa kusankha ndikanawachotsa. Wotuwa ndi wakuda anali pamodzi. Adada anakhalanso pansi, kutola tsamba, kulitambasula moyang'ana kuwala monga mwa masiku onse, kulisisita ndi zala, n'kuliponya pa mulu wolakwika mosakayika konse. Manja ankagwira ntchito yawo mwaluso lomwe lija. Ndinakhala pansi pafumbi ndi siketi yanga ya kuntchito.

Masana adada atakagona pang'ono, amama anandikokera kuchigafa. Anangogwada n'kuyamba kusankhanso milu ija, kuchotsa tsamba ndi tsamba. Koma fodya sasankhidwa masana. Dzuwa likakwera amauma gwa, ukamugwira amathetheka. Masamba abwinobwino ankaphwanyika m'manja mwawo, zidutswa zili mbwee pansi.

"Ndakhala ndikuchita chonchi milungu itatu," anatero amama. "Mmawa amakhala alipo, sindingawachititse manyazi. Ndiye ndimadikira agone. Fodya wa chaka chino watha ndi kuthetheka."

"Bwanji osandiuza, amama?"

"Ndikuuze chiyani? Si iwe unati tiyi akutsuka maso? Ine ndimati mwina kusaonaku ndi kutsukako, litsiro likutuluka."

Anandiuzanso za mapilitsi aja. Anandiuza kuti bambo wina wa mudzi wa kutsidya, amene ankabwera kudzawatenga adada chaka ndi chaka, chaka chino anawatenga tsiku limodzi lokha. Mawa lake anatuma uthenga waulemu wakuti fodya wawo ndi wochepa, amaliza okha. Wina aliyense sanabwerenso. Adada ankati anthu ayamba kuumira, sakufuna kulipira katswiri. Sabata yapitayo adadawo anali atagwera mu ngalande ya kuseri kwa tchalitchi, njira imene ayendamo moyo wawo wonse.

Ndinalira m'chigafa muja mpaka mamina. Ndinkafuna kuthothola timatumba tonse tija n'kutiponda, koma amama anandigwira mkono, anati ukawatsitsira timeneto, adada uwauza kuti chiyani.

Ngakhale pamenepo sitinanyamuke msanga. Ndalama ndinali nditazikhomera padenga. Tinadikira kuti mabelo adindidwe, apite, agulitsidwe, ndipo anagulidwa motsika monga mmene fodya wothetheka amagulidwira. Kuchipatala chaching'ono kokha ndinawapititsa sabata yomweyo, namwino uja anawapatsanso mapilitsi. Anandifunsa ngati ku Lilongwe tinapita. Nditayankha kuti ayi, sanandikalipire, anangondiyang'ana. Bola akanandikalipira.

Tinapita mu Julayi. Adada anavala jekete yawo ya kutchalitchi, ndipo pokwera basi ndinachita kuwagwira dzanja n'kuwauza pamene pali sitepe. Njira yonse ankacheza mosangalala, kuwauza anthu oyandikana nawo kuti akupita kukapukutitsa maso, akabwerako adzasankha fodya wa chaka chamawa. Kuchipatalako tinakhala pabenchi kuyambira mmawa mpaka dzuwa kupendeka. Anawathira mankhwala m'maso, tinadikiranso, kenaka tinalowa m'kachipinda kamdima.

Dokotala anali wachinyamata, wofatsa. Anawaunika adada diso lililonse nthawi yaitali, kuwauza kuti ayang'ane kumwamba, pansi, kumbali. Atamaliza anayatsa magetsi n'kutenga kalata ija, imene inali itachita mizere ya mopindidwa.

"Kalatayi inalembedwa mu Januwale," anatero dokotalayo, akuyang'ana ine. "Munali kuti nthawi yonseyi?"

Anayankha ndi adada. "Tinali ndi fodya, adokotala."

Dokotala anapumira m'mwamba. Anafotokoza pang'onopang'ono kuti shuga wawononga timitsempha ta kumbuyo kwa maso, tina taphulika n'kukha magazi mkati. Diso lamanzere linali litatheratu. Lamanja anati ayesa kuliteteza kuti kuwala kotsalako kusazime, kuti azitha kusiyanitsa usana ndi mdima, khomo ndi khoma. Koma zimene zapita sizibwerera. Ndinafunsa funso limene sindinayenere kufunsa, ndinati tikanabwera mu Januwale muja zikanatheka? Anati sangalonjeze za kale, koma mwayi unalipo waukulu, makamaka diso lamanjalo.

"Mitundu ndidzaionanso?" anafunsa adada. "Ntchito yanga ndi ya mitundu."

"Ayi, bambo. Pepani."

Adada anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa chinthu kumsika. Dokotala anafunsa ngati mapilitsi ankamwa mosadumphitsa, ndiponso ngati pali china chimene ankagwiritsa ntchito. Ine ndinayang'ana pansi. Adada anawongola msana.

"Mapilitsi ndinasiyako pakati. Koma ndinali pa tiyi wa maso, adokotala, wolembedwa m'Chingerezi. Mwana wangayu amandigulira mwezi ndi mwezi, sanadumphitsepo. Ana anga onse, wondisamala ndi ameneyu."

Dokotala anandiyang'ana kanthawi kochepa chabe. Kenaka anawauza adada mwaulemu kuti tiyi ndi chakumwa basi, akhoza kumamwa ngati amamukonda, koma mapilitsi asadzasiyenso. Sindikudziwa ngati adada anamva. Ankafufuza chipewa chawo pabenchi, ndipo ndinawapatsa m'manja.

Tinagona kwa msuweni wanga, mawa lake n'kukwera basi yobwerera. Ulendo uno adada sanacheze ndi munthu. Anakhala kuwindo, nkhope ataloza panja, manja ali pamaondo. Ine ndinkakonza mawu mumtima. Ndinkafuna kuwauza zonse: kuti pa kabokosi panalibe mawu a maso, kuti ndinamva kwa mayi wa kaunjika, kuti ndalama zinalipo mu Januwale ndipo ndinagulira malata. Ndinatsimikiza kuti tikangodutsa pa boma ndiyamba. Tinadutsa pa boma. Ndinati tikafika pomwe ayambira minda ya fodya. Tinafika, zigafa zopanda kanthu zili ndandanda m'mbali mwa msewu, ndipo misozi inayamba kutsika ndisanatsegule pakamwa. Ndinayesa kuibisa koma adada anamva mmene ndinkapumira.

Anapapasa mpaka kupeza dzanja langa. "Iwe, leka kulira pagulu. Wachita mbali yako."

"Adada, tiyi uja..."

"Ndikudziwa," anandidula. "Ndakhala ndikuganiza usiku wonse. Tiyi uja analibe vuto. Wolakwa ndine."

"Ayi, adada."

"Tamvera. Ndinafulumira kumutsitsa. Woyamba uja ndinamuona ndi maso anga kuti sanapse, koma ndinamwa, chifukwa cha kusaleza mtima. Miyezi yonse ija ndimamwa wagirini. Ine, munthu woti ndakhala ndikukalipira anthu zaka zonsezi kuti tsamba silifulumizidwa. Ndikanamusiya milungu ina iwiri yokha, bwenzi mankhwala ako atagwira." Anandifinya dzanja. "Ndakuwonongera ndalama zako, mwana wanga. Undikhululukire."

Basi inagwedezeka pa bampu, mayi wa kutsogolo kwathu anatembenuka kutiyang'ana. Mawu onse amene ndinakonza anali pakhosi, okwanira bwinobwino. Ndikanangoti adada, ndinakunamizani. Koma ndinaona kuti ndikatero atsala opanda maso ndiponso opanda mwana amene amamukhulupirira, ndipo kunena chilungamo, ndinaopanso za ine mwini. Mpaka lero sindidziwa kuti mwa ziwirizi chinanditseka pakamwa n'chiti.

"Ndakukhululukirani, adada," ndinatero.

"Zikomo," anatero adada, ndipo anatsamira pampando n'kutseka maso.